MTENGO WA KUTSATA AMBUYE YEZU



Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka woyera, mutu 14, ndime 25 mpaka 33, timamva kuti tsiku lina chikhamu cha anthu chinali kulondola Ambuye Yezu pa ulendo wao wa ku Yerusalemu. Mtsogoleri wina aliyense akadakondwa poona anthu ochuluka chotero, nayamba kuŵalonjeza zokoma kuti asabwerere m'mbuyo. Koma Ambuye anatembenuka naŵauza mau olimba, mau oti akadatha kubalalitsa khamu lonselo. Anaŵachenjeza kuti munthu woŵatsata adzafika pena pamene adzayenera kusankha pakati pa Iwo ndi abale ake, ngakhale pakati pa Iwo ndi moyo wake womwe. Anatchula za mtanda. Kenaka anaŵapatsa chitsanzo cha mmisiri amene sayamba kukumba maziko asanaone ngati chuma chake chidzafika mpaka kudenga.

Tiyeni tsono tidzifunse mafunso aŵiri. Kodi kukhala wophunzira wa Yezu nkutani? Nanga mtengo wake ngwotani? Mayankho tiŵafuna m'Malembo Oyera, ndiponso ku Katoto mu mzinda wa Mzuzu, kumene kuli likulu la Dayosizi ya Mzuzu, pakuti kumeneko mtengo umenewu unalipidwa anthu akupenya m'chaka cha 1992.

WOPHUNZIRA NDANI?

Tikamva liu loti wophunzira, maganizo athu amathamangira kwa mwana wa sukulu. Mwana wa sukulu amaloŵa m'kalasi m'maŵa, namvera aphunzitsi, nalemba mayeso, ndipo akapambana amatsazika nkupita kukayamba moyo wakewake. Mwina pakapita zaka amadzaposa aphunzitsi ake aja. Ophunzira a Yezu sanali otero. Iwo anali ngati mnyamata amene makolo ampereka kwa mmisiri wa matabwa: amadya kumene mmisiriyo akudya, amagwira ntchito imene iye akugwira, ndipo manja ake amachita zikang'a pamalo omwewo pamene manja a mmisiriyo anachita zikang'a. Kusiyana kwake nkwakuti pa sukulu ya Yezu palibe tsiku lomaliza maphunziro.

Pali chinthu china. M'dziko la Ayuda mnyamata ndiye ankadzisankhira mphunzitsi wa Malamulo amene wamkonda. Koma m'mbali mwa nyanja ya Galileya, Yezu ndiwo anasankha Simoni Petro ndi Andrea, Yakobo ndi Yohane, naŵaitana ali pakati pa ntchito yao ya usodzi. Malo amene anaŵapatsa ndi a pambuyo pao. Woyenda pambuyo sasankha njira. Marko woyera, pa mutu 8, akutisimbira kuti Petro atamva kuti njirayo ikupita ku masautso ndi ku imfa, anayesa kutsogola kuti aŵabweze Ambuye. Anadzudzulidwa kolimba, nauzidwa kuti abwerere kumalo kwake. Petro anali atangovomereza kumene kuti Yezu ndiwo Kristu. Chikhulupiriro chake chinali choona, koma anali kufuna Kristu wopanda Yerusalemu.

Choncho, abale anga, dzina lathu likhoza kulembedwa m'buku la ubatizo kuparishi, mtulo tikhoza kupereka chaka ndi chaka, Misa ya Lamulungu osaphonya. Zonsezi nzabwino ndipo nzofunika. Koma wophunzira amadziŵika pa mphambano, pamene njira ya Yezu ikhotera kwina ndipo njira ya phindu lake, ya mtendere wake, kapena ya abale ake ikhotera kwina.

MTANDA NCHIYANI?

Anthu amene anamva Ambuye akutchula mtanda sanaganize za kamtanda kovala m'khosi. Mtanda chinali chilango cha Aroma, chosungidwira akapolo ndi anthu oukira boma. Woweruzidwayo ankamsenzetsa mtengo wopingasa, namuyendetsa pakati pa mzinda kuti aliyense amuone ndi kutengapo phunziro. Kunali kuŵaŵa, komanso kunali manyazi aakulu, pakuti achibale ndi abwenzi ankaopa ngakhale kuima pafupi. M'chinenero chathu liu loti mtengo limatchula zinthu ziŵiri, cholipira pogula ndi chomera m'nkhalango. Pa Kalvario ziŵirizi zinakumana.

Ife tinazoloŵera kunena kuti "ndi mtanda wanga" tikadwala malungo, mvula ikadula chimanga chisanakhwime, kapena maliro akatigwera. Mavuto ameneŵa ndi enieni, ndipo Eklezia amatiphunzitsa kuti tikaŵapereka kwa Mulungu pamodzi ndi masautso a Kristu sapita pachabe. Komabe tizindikire kuti malungo sasankha: amagwira mkristu ndi wosapemphera yemwe. Palibe amene angauze wodwala kuti, "Ukamkana Yezu, malungo akusiya lero lomwe." Mtanda umene Ambuye akunena pa ndime zathuzi uli ndi chizindikiro chake. Ndi vuto limene munthu akadatha kulipeŵa. Khomo lothaŵira limakhala lotsekula: ungokhala chete, ungosaina, ungoyang'ana kumbali, ndipo zonse zikhala bwino. Wophunzira amaliona khomolo bwinobwino, koma saloŵapo, chifukwa Ambuye ake sanadzere pamenepo.

LENTI YA CHAKA CHA 1992

Achinyamata a lero sadziŵa za mantha amene anali m'dziko muno m'zaka za chipani chimodzi. Munthu ankatha kutsekeredwa zaka zambiri popanda kuzengedwa mlandu. Polankhula za boma anthu ankayamba acheukacheuka, ngakhale ali m'nyumba mwao. Mipingo yambiri, ndi wathu womwe, inakhala zaka zochuluka yosanena poyera za zimenezi.

Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malaŵi munaŵerengedwa kalata ya maepiskopi. Inasindikizidwa ku Balaka, makope 16,000, m'Chicheŵa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Mau ake anali aulemu, koma inatchula zinthu zimene aliyense ankazidziŵa mosayerekeza kuzinena: kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika yogulira mbeu za alimi, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, ziphuphu, kutsekera anthu popanda mlandu, ndi kusoŵa kwa ufulu wolankhula zakukhosi. Pakati pa amene anaisaina panali Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wa Blantyre. M'dzina la Dayosizi ya Mzuzu anasaina ndi Monsignor John Roche.

Bambo Roche anali wansembe wochokera ku Ireland, wa chipani cha St Patrick cha ku Kiltegan, ndipo anali atagwira ntchito m'Malaŵi pafupifupi zaka 20. Ambuye Jean-Louis Jobidon, a chipani cha White Fathers, amene anali Episkopi woyamba wa Mzuzu kuyambira 1961, atapuma mu 1987, udindo woyang'anira dayosizi unaperekedwa kwa Bambo Roche mpaka Episkopi wina atapezeka.

Mtengo wa kalata ija sunachedwe kuoneka. Lachiŵiri pa 10 March maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre, nafunsidwa mafunso kwa maola asanu ndi atatu. Boma linalengeza kuti kalatayo njoukira, ndipo kupezeka nayo unakhala mlandu. Akuluakulu a chipani cholamula anakumana ku Lilongwe, ndipo ena mwa iwo analankhula zoti maepiskopi aphedwe. Mau aowo anajambulidwa pa tepi imene pambuyo pake inatuluka ndi kumvedwa ndi anthu ambiri. Ku Balaka anthu ena anayatsa moto pa nyumba ya makina amene anasindikiza kalatayo.

LACHISANU LOYERA KU MZUZU

Pa maepiskopi onse, amene anali wosavuta kumchotsa anali mlendo amene boma linkamganizira kuti ndiye anali mutu wa nkhaniyo. Pa 17 April 1992, Lachisanu Loyera, tsiku limene akristu amagwada ndi kulemekeza mtanda, Bambo Roche analandira lamulo loti atuluke m'Malaŵi pasanathe maola 24. Anatuluka naloŵera ku Zambia. Akristu a Dayosizi ya Mzuzu anachita chikondwerero cha Pasaka chaka chimenecho mbusa wao atapirikitsidwa.

Tiyeni tiŵerenge bwino zimene zinalipidwa. Bambo Roche sanaphedwe ndipo sanakhetse magazi. Koma pa tsiku limodzi anasiya anthu amene anaŵabatiza, chinenero chimene anachiphunzira movutikira, ntchito zimene anali ataziyamba, ndi dziko limene linali litasanduka kwao. Analibe nthaŵi yozungulira maparishi kuti atsazike. Ndipo khomo lothaŵira linalipo. Iye akadatha kunena kuti, "Ine ndine mlendo, ndiponso sindine Episkopi, ndikungosunga mpando, nkhani za dziko lino zisiyireni eni ake." Anthu ambiri akadamuyamikira kuti ngwanzeru. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Amene anavomera kudyetsa nkhosa za ku Mzuzu sakadatha kukana matope a ubusawo.

Sanali yekha. Mu Mzuzu momwemo, m'masabata omwewo, mbusa wa mpingo wa CCAP, Aaron Longwe, anagwidwa ndi apolisi chifukwa cha ulaliki wake. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda mu mseu kuonetsa kuti ali pambuyo pa maepiskopi, ndipo sukulu yao inatsekedwa. Koma koposa onseŵa, tikumbukire khamu la anthu amene maina ao sanalembedwe paliponse: ansembe ndi atsogoleri a m'matchalitchi amene anaimirira pamaso pa anthu naŵerenga kalatayo mokweza, podziŵa kuti pakati pa omvera pangakhale akazitape, anthu amene anaibisa ndi kuipatsirana mwakachetechete, ndi ena amene anatsekeredwa chifukwa chopezeka nayo. Mlendo akapirikitsidwa ali nako kopita, ndipo wailesi za kunja zimamtchula dzina. Mmalaŵi wamba analibe kothaŵira ndipo analibe womlankhulira. Pa sikelo ya Mulungu, mwina ameneŵa ndiwo analipira kwambiri.

DZINA LA JOSEPH MUKASA

Episkopi amene anadzakhala ku Katoto mu 1995, mwana wa m'dayosizi momwemo, anali Ambuye Joseph Mukasa Zuza. Dzina laolo lili ndi mbiri yake imene ikutiphunzitsa za nkhani yathuyi. Joseph Mukasa Balikuddembe anali mkulu woyang'anira anyamata otumikira ku nyumba ya mfumu Mwanga ya ku Buganda, m'dziko la Uganda. Anali ndi udindo wapamwamba, ndipo mfumu inali kumkhulupirira. Koma ankateteza anyamatawo ku zilakolako zoipa za mfumuyo, ndipo pamene Episkopi wa Anglican, James Hannington, anaphedwa mwa lamulo la mfumu mu October 1885, Mukasa anaidzudzula pamaso. Taonani, abale, munthu amene anaphedwayo sanali wa mpingo wake, sanali wa mtundu wake, ndipo anali atafa kale. Kulankhula sikukadamuukitsa. Komabe Mukasa analankhula, ndipo pa 15 November 1885 anadulidwa mutu, thupi lake nkutenthedwa. Ndiye woyamba mwa Amaritiri 22 a Katolika a ku Uganda, amene analembedwa m'gulu la oyera ku Roma mu 1964. Anzake ambiri, pamodzi ndi Charles Lwanga ndi kamnyamata Kizito, anatenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886.

Ambuye Zuza nao anakumana ndi mphambano yao. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'dziko muno, ambiri mwa iwo mu Mzuzu. Mwezi wotsatira, pa mapemphero a dziko lonse ku Blantyre, Ambuyewo analalika pamaso pa Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Anapempha mbali zonse kuti zileke kulozana zala ndi kuti aliyense adzifufuze mumtima. Ananenanso kuti munthu wodziyesa kuti nzeru zonse ali nazo yekha ndi chindere, ndiye kuti chitsiru m'Chitumbuka. Ena a mbali ya boma anaŵanyoza kwambiri chifukwa cha ulalikiwo. Ambuye Zuza anamwalira pa 15 January 2015 atachita ngozi ya galimoto, ali wapampando wa bungwe la maepiskopi a m'Malaŵi.

KODI ZIMENEZI SI NDALE?

Wina akhoza kufunsa kuti, "Kodi kutsata Yezu ndiye kulimbana ndi boma?" Ai. Wophunzira safunafuna mkangano, ndipo sathamangira masautso ngati munthu wofuna kutchuka. Kalata ya 1992 sinauze anthu chipani choti achikonde, ndipo Mukasa anali mtumiki wokhulupirika wa mfumu yake mpaka tsiku la imfa yake. Chimene anakana ndicho kutcha choipa kuti nchabwino, ndi kusiya munthu wopangidwa m'chifaniziro cha Mulungu akuponderezedwa iwo ali duu. Tichenjerenso ndi chinyengo china. Munthu akadedwa chifukwa cha mwano wake, ulesi wake kapena kuba kwake, asanene kuti wasenza mtanda. Ameneyo akungokolola zimene anafesa.

Nanga bwanji Ambuye akutiuza kuti tiyambe taŵerenga mtengo? Kodi nkuti tikaona kuti wakwera tibwerere? Mukayenda m'mizinda yathu mudzaona nyumba zolekezera pa mazenera, udzu utamera m'kati, njerwa zikugumuka ndi mvula. Mwini wake anataya ndalama, ndipo pogona alibe. Nchimodzimodzi mkristu amene anayamba ulendo akuganiza kuti ubatizo ndi mankhwala oteteza ku mavuto onse, kapena njira yachidule yopezera chuma. Tsiku la mphambano likafika amadzidzimuka, naona ngati Mulungu wamnamiza. Ambuye safuna kuti munthu aŵatsate atatsinzina. Wokwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Ndipo tisabise mbali yoŵaŵa koposa. Kaŵirikaŵiri mtengowo sulipidwa ndi munthu mmodzi. Bambo akachotsedwa ntchito chifukwa chokana chinyengo, amene amagona ndi njala ndi ana, ndipo amene amabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi ndi ana omwewo. Nchifukwa chake Ambuye anatchula makolo, mkazi ndi ana. Sanali kutiphunzitsa kudana ndi abale athu. Ankadziŵa kuti mau amene amagwetsa munthu wolungama nthaŵi zambiri sachokera kwa adani, koma kwa omkonda: "Bambo a ana, mungosaina, kodi dzikoli mulikonza nokha?"

MPHAMBANO ZA MASIKU ANO

Lero palibe amene angatitsekere chifukwa chosunga kalata ya maepiskopi. Koma mphambano sizinathe. Kalaliki wa mu ofesi amapatsidwa pepala loti asaine kuti simenti yafika, pamene sinafike. Namwino amaona mankhwala akutuluka pa khomo la kuseri, ndipo amadziŵa amene akuŵatulutsa. Wogula mbeu amauzidwa ndi bwana wake kuti akonze sikelo kuti izibera alimi. Mtsikana wa pa sukulu amalonjezedwa kuti akhoza mayeso akavomera zimene mkulu wina akufuna. Pa maliro, mlamu amaona abale ake akugaŵana katundu wa mai wamasiye ndi ana ake. Pamudzi, gulu la anthu limanyamula miyala kulondola gogo amene akumnamizira ufiti, ndipo pakati pa gululo pali akristu amene analandira Ukaristia dzulo lake. Pa zonsezi khomo lothaŵira ndi lomwe lija: ungokhala chete.

Tsono pano pali ntchito ya mphakati. Ambuye Yezu eni ake anathandizidwa ndi Simoni wa ku Kirene pa njira ya ku Kalvario, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mkristu mnzathu akataya ntchito kapena akasalidwa ndi abale chifukwa chochita chilungamo, sikokwanira kumuombera m'manja. Mphakati umtengere ufa, umthandize fizi ya ana, ukhale naye pabwalo la milandu. Ambiri amagwa pa mphambano chifukwa amadziŵa kuti akaima adzaima okha. Mlandu umenewo ngwathu tonse.

NANGA PHINDU LAKE?

Nzoona kuti pa 14 June 1993 Amalaŵi anavota pa riferendamu nasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 panachitika chisankho. Koma amene anasaina kalata mu Lenti ya 1992 sankadziŵa kuti zidzatha chotero. Joseph Mukasa anafa osaona chipatso chilichonse. Ambuye salonjeza kuti wophunzira adzaona kupambana ndi maso ake. Chimene amalonjeza ndi Iwo eni: kuti kumene wophunzira akuvutikira choona, Iwo ali komweko, ndipo kuti njira yodzera pa Lachisanu Loyera imakafika ku Pasaka. Munthu amene walaŵa zimenezi amalandira ufulu umene boma lililonse silingampatse kapena kumlanda, ufulu wa munthu amene mantha aleka kumlamula.

Kwa inu amene mukumva mau aŵa mtima ukukutsutsani, chifukwa tsiku lina munafika pa mphambano ndipo munaloŵa pa khomo lothaŵira, musataye mtima. Petro, amene dzina lake ndilo la tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Mzuzu, anakana Ambuye katatu akuotha moto, poopa funso la mtsikana wantchito. Atauka kwa akufa, Ambuye sanamchotse pa gulu. Anamfunsa za chikondi chake, namuitananso kuti aŵatsate monga poyamba paja, ndipo Petro yemweyo anadzafera chikhulupiriro ku Roma. Sakramenti la Kulapa lilipo kaamba ka anthu onga Petro.

Sabata ino, abale ndi alongo, aliyense apeze kanthaŵi kokhala pansi monga mmisiri uja. Adzifunse kuti: pa ntchito panga, m'banja mwanga, pamudzi panga, ndi pati pamene ndakhala chete chifukwa kulankhula kungandidyere? Ndipo ndani pafupi nane amene akulipira mtengo wa chilungamo ali yekha? Mukapeza yankho, pitani nalo ku Misa, mulipereke pa guwa pamodzi ndi mkate ndi vinyo.

Tipemphere. Ambuye Yezu, Inu munatiitana kuti tiziyenda pambuyo panu. Mukudziŵa mantha athu ndi kufooka kwathu. Tipatseni Mzimu wanu Woyera kuti tsiku la mphambano likafika tisakusiyeni, ndipo tikagwa mutidzutse monga munadzutsira Petro. Amaritiri oyera a ku Uganda, mutipempherere. Amen.